Ophunzira anga sakulowa pa Zoom: ndigwiritse ntchito zipangizo ziti?

Funso: Ndine mphunzitsi pa yunivesite ina ya boma, ndipo semesita ino andipatsa kosi ya ODeL (maphunziro a patali a pa intaneti) koyamba. Ambiri mwa ophunzira anga ndi aphunzitsi a m'ma CDSS ndi m'mapulaimale amene akufuna digiri ali pa ntchito. Ndakhala ndikuphunzitsa pa Zoom kwa maola awiri Lachitatu lililonse masana, kenako n'kuika kanema wa phunzirolo pa Moodle, tsamba la pa intaneti limene yunivesite yathu imaikapo maphunziro. Olowa ndi ochepa kwambiri, ndipo kanemayo palibe akumuonera. Anzanga ena akuti ndiyese Google Classroom, ena akuti YouTube, ena WhatsApp. Zipangizo zoyenera ndi ziti? Kapena vuto ndi ulesi wa ophunzirawo?

Yankho: Aphunzitsi, ndiyambire ku funso lanu lomalizalo, chifukwa mukaliyankha molakwa liwononga semesita yonse. Munthu amene akudzilipirira fizi kuchokera pa malipiro a uphunzitsi, n'kumatsegula buku usiku ana atagona, si waulesi. Akapanda kulowa m'kalasi mwanu, pali chimene chamutsekereza, ndipo nthawi zambiri chinthucho chimawerengeka ndi masamu wamba.

Tiyeni tiwerenge. Ola limodzi la Zoom, makamera ali oyatsa, limadya kuyambira theka la gigabaiti mpaka kupitirira gigabaiti imodzi. Maola anu awiri ndiye kuti ndi gigabaiti imodzi kapena kuposa pa sabata, magigabaiti anayi pa mwezi, pa kosi yanu yokha. Wophunzirayo ali ndi makosi enanso, ndipo mphunzitsi aliyense akuganiza kuti yake ndiye yofunika. Kanema wa maola awiri amene mukuika pa Moodle uja ndi katundu yemweyo, kungoti mwamusintha malo. Tsono yerekezani ndi mawu okha: phunziro la mphindi khumi lojambulidwa bwino silipitirira 3 MB, ndipo manotsi a masamba khumi olembedwa pa kompyuta nthawi zambiri sakwana ngakhale 1 MB. Kusiyanaku n'kwakukulu moti si nkhani yosankha mwa kukonda ayi.

Onjezanipo magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndi amene amaunikira ndi magetsi, ndipo ngakhale amene ali nawo tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi. Wophunzira wanu wa ku CDSS ya kumudzi amasiya foni kometera pa tredingi senta m'mawa, kwa mnyamata wa sola, n'kukaitenga poweruka. Kunyumba kwake netiweki imagwira pa ngodya imodzi ya bwalo la mpira, ndipo akaima pamenepo ayenera kusankha kuti m'mphindi zochepazo adawunilode chiyani. Foniyo ndi yodzadza kale, kuti kanema wanu alowe ayenera kufufuta zithunzi za ana ake. Lachitatu masana, nthawi imene inu mukutsegula Zoom, iye ali kutsogolo kwa Fomu 2 choko chili m'manja. Kosi yanu iyenera kukonzedwa poganizira munthu ameneyu. Ikamuyenerera iyeyu, wa laputopu ndi Wi-Fi ku Area 47 sangavutike nayo.

Anzanu akukupatsani mayina a zipangizo, koma kuchulutsa zipangizo ndi vuto palokha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wophunzira akamapeza manotsi pa Google Classroom, asainimenti pa Moodle, chilengezo pa imelo, kanema pa YouTube, amatha mphamvu ndi bandulo pofufuza m'malo mophunzira. Yunivesite yanu ili kale ndi Moodle, choncho khalani pomwepo. Chilichonse cha kosi chikhale pamenepo, chosanjidwa sabata ndi sabata, mofanana mlungu uliwonse: chowerenga, chomvera, chochita, ndi tsiku lomaliza kupereka ntchito. Moodle, imene Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002, ili ndi apu ya pa foni imene anthu ambiri saidziwa mphamvu yake. Wophunzira akhoza kudawuniloda gawo lonse la sabata pamene wapeza netiweki, n'kukawerenga kunyumba kopanda intaneti. Akhoza kulemba yankho lake mu foramu, ngakhalenso kuyankha kwizi ngati inu mwalola zimenezo pokonza kwiziyo, ndipo zonse zimadzatumizika zokha foni ikagwiranso netiweki. Pitani ku ofesi ya ICT mukafunse ngati anatsegula kuti apuyi izigwira ntchito, kenako jambulani kakanema ka mphindi ziwiri kosonyeza ophunzira podina.

WhatsApp ndiyo simungaithawe, ndipo sindikuona chifukwa choithawira. Airtel ndi TNM onse amagulitsa mabandulo a WhatsApp otsika mtengo kuposa bandulo ya intaneti yonse, ndipo ophunzira ambiri amakhalira amenewo. Koma apa pali msampha umene aphunzitsi ambiri sauona: munthu wa bandulo ya WhatsApp yokha mukamutumizira linki ya Moodle kapena ya YouTube, siitseguka. Choncho fayilo yofunika kwambiri ya sabatayo, monga manotsi ndi mawu ojambulidwa, itumizeni yeniyeniyo m'gulumo, kwinaku kope lake lili pa Moodle. Ndikunena kuti kope lake likhale pa Moodle chifukwa zinthu pa WhatsApp zimakwiririka. Pakangotha masiku atatu manotsi anu amakhala ali pansi pa mauthenga a maliro, mavesi a m'mawa ndi malonda a zitenje. Tsegulani magulu awiri: lina loti mumalembamo inu ndi kalasi repu basi, lina la zokambirana. Nenani poyera maola amene mumayankha mauthenga, apo ayi foni yanu izilira mpaka pakati pa usiku. Malikisi a munthu asaikidwe m'gulu. Kumbukiraninso kuti m'gulu wamba aliyense amaona nambala ya mnzake, ndipo ophunzira achizimayi ndi amene amavutitsidwa nazo kuseri. Nenani sabata yoyamba kuti wochita zimenezi mudzamutengera ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo wina akadandaula musachedwe kuchitapo kanthu.

Tsopano nkhani ya kanema, imene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Mu 2014 Philip Guo ndi anzake anaunika mmene anthu ankaonera makanema a maphunziro pa edX, tsamba la makosi a pa intaneti, maulendo oonera okwana 6.9 miliyoni. Anapeza kuti kanema akapitirira mphindi zisanu ndi imodzi, chidwi chimayamba kutsika kwambiri, ndipo ambiri safika kumapeto. Awa anali anthu oti ambiri mwa iwo intaneti sinali vuto. Anapezanso kuti makanema oonetsa dzanja likulemba, mphunzitsi akufotokoza, ankagwira anthu mtima kuposa oonetsa masilaidi, komanso kuti phunziro la m'kalasi lojambulidwa lonse kenako n'kuduladula silikoka anthu ngati lokonzedwa mwadala kuti likhale lalifupi. Zimenezi ndi nkhani yabwino kwa ife, chifukwa situdiyo sitikuifuna.

Chitani chonchi. Sanjikizani mabuku pa tebulo pafupi ndi windo, gonekani foni pamwamba pake kamera itasuzumira pansi, ikani pepala loyera pansipo, tengani cholembera chakuda chonenepa. Jambulani m'mamawa phokoso lisanayambe. Sankhani chinthu chimodzi chokha chimene mukudziwa kuti chimasokoneza ophunzira chaka ndi chaka, kaya ndi kapezedwe ka standard deviation, kaya ndi kajambulidwe ka gilafu ya supply ndi demand, n'kuchifotokoza mukulemba, ngati mmene mungachitire wophunzira atakupezani mu ofesi. Mukalakwitsa, khwatchani n'kupitiriza. Chofunika kusamala ndi mawu: anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka amatseka pompo. Mahedifoni wamba a foni, kamaikolofoni kake katayandikira pakamwa, amakwanira. Mukatha, dutsitsani kanemayo mu HandBrake, pulogalamu yaulere, mumutsitse kufika pa 480p. Zolemba zimaonekabe bwinobwino, koma fayilo imachepa kwambiri.

Musanajambule kanema aliyense dzifunseni ngati pali chinthu chimene diso liyenera kuona chikuchitika. Kusakaniza mankhwala mu labu, kudulira mtengo, kuthetsa samu sitepe ndi sitepe, zimenezo ndi za kanema. Kufotokoza maganizo a Piaget, katswiri wa kaphunziridwe ka ana, kapena zimene zinayambitsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 sikufuna nkhope yanu. Mawu ojambulidwa ndi tsamba limodzi la mfundo zikuluzikulu n'zokwanira, ndipo wophunzira akhoza kumvera ali pa kabaza kapena akuchapa. Choyenera kupeweratu ndi kudzaza silaidi ndi ziganizo kenako n'kumaziwerenga mokweza. Kafukufuku wa Richard Mayer pa kaphunziridwe ka mawu ndi zithunzi anaonetsa kuti munthu akamawerenga ndi kumva mawu omwewo nthawi imodzi, pamene akuyeneranso kuyang'ana chithunzi, amagwira zochepa kusiyana ndi pamene akuona chithunzicho n'kumangomvera kufotokoza.

Manotsi nawo ali ndi kapangidwe kake. Kumbukirani kuti awerengedwa pa foni ya m'manja. Zilembo zikhale zikuluzikulu, ndime zifupizifupi, tsamba lisagawidwe pawiri. Ndipo chonde musajambule masamba a buku ndi kamera n'kuwatcha PDF. Fayilo yotero imalemera, siwerengeka pa foni, ndipo wophunzira wosaona amene amadalira pulogalamu yomuwerengera, monga NVDA pa kompyuta kapena TalkBack pa foni, sapezamo liwu ndi limodzi lomwe, chifukwa kwa pulogalamuyo tsambalo ndi chithunzi chabe. Wophunzira wovutika kumva nayenso amafuna zolembedwa za zimene mwanena mu kanema kapena m'mawu ojambulidwa. Mukazolowera kulemba kaye zimene mukufuna kunena, zolembazo zimakhala zilipo kale, ndipo zimathandizanso aliyense amene bandulo yamuthera. Pa za mabuku, musanayambe kusikana buku lathunthu la munthu, zimene zikutsutsana ndi lamulo la umwini wa zolembalemba, kachezeni ndi a ku laibulale. Kudzera mu Research4Life, ndondomeko yothandiza mayiko osauka kupeza zolemba za kafukufuku, mayunivesite a m'Malawi akhoza kupeza magazini ambiri a kafukufuku mwaulere, ndipo OpenStax ya ku Rice University ili ndi mabuku athunthu a sayansi, masamu ndi zachuma amene muli ndi ufulu wogawa.

Zonse ndanenazi ndi zotumiza kwa wophunzira. Koma kuonera ndi kuwerenga pakokha si kuphunzira, ndipo apa ndi pamene makosi ambiri a pa intaneti amafera: amasanduka nkhokwe ya mafayilo. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa kuti ophunzira amene anawerenga nkhani kenako n'kuyesa kukumbukira zimene awerengazo, patatha sabata ankakumbukira zambiri kuposa anzawo amene anangoibwereza kuiwerenga. Choncho gawo lililonse la sabata lithere ndi kwizi ya mafunso asanu pa Moodle, yololeza kubwereza, yokhala ndi malikisi ochepa chabe. Ntchito yeniyeni ili polemba ndemanga pansi pa yankho lililonse lolakwika. Musangolemba kuti "walakwa". Lembani kuti "ambiri amasankha ili chifukwa amasokoneza mean ndi median, bwererani pa tsamba lachitatu". Mukalemba kamodzi, Moodle izidzawauza yokha usiku ndi usana, chaka chino ndi chamawa.

Foramu nayo siyenda ndi mawu oti "kambiranani mutu wachinayi". Palibe amene amayankha zotero, kupatula awiri atatu okopera ndime za m'buku. Inu muli ndi mwayi umene aphunzitsi a ana ochokera ku sekondale alibe: ophunzira anu ali ndi makalasi awoawo. Auzeni kuti sabata ino akayese njira imene mwaphunzitsayo m'kalasi mwawo, abwere adzanene m'mizere isanu chimene chinachitika, ndi chithunzi cha bolodi kapena cha ntchito ya mwana, dzina ndi nkhope zitabisidwa. Kenako aliyense ayankhe mnzake mmodzi. Mphunzitsi wa ku Chitipa akamva kuti wa ku Nsanje anakumana ndi vuto lomwelo ndi ana oposa zana m'chipinda chimodzi, zokambirana zimayaka zokha. Agaweni m'timagulu ta anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, makamaka oyandikana maboma, kuti ena azitha kukumana pa TDC (malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi m'zoni) Loweruka n'kugawana mafayilo pa Bluetooth kapena pa fulashi.

Kodi ndiye Zoom muitaye? Ayi, koma isinthe ntchito. Nthawi imene anthu alipira ndalama kuti akhale nanu limodzi isathere pa zinthu zimene akanamvera okha. Ikhale mphindi makumi anayi, madzulo kapena Loweruka, pa nthawi imene ophunzirawo asankha. Makamera akhale ozimitsa, chifukwa mawu okha pa Zoom amadya mamegabaiti makumi angapo chabe pa ola. Mafunso atumizidwiretu kwa kalasi repu, inu muziyankha amenewo. Kulowa kusakhale kokakamiza ndipo kusakhale ndi malikisi, popeza kupereka malikisi pa kulowa ndi kupereka malikisi pa netiweki. Mukamaliza, tumizani mawu okha a msonkhanowo ndi mfundo zake mwachidule.

Pali chinthu china chimene chilibe dzina la kampani, koma ndi chimene chimasunga ophunzira pa kosi. Maphunziro a patali si achilendo kuno. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, anthu ankalandira maphunziro osindikizidwa, kumvera pa wailesi, kutumiza ntchito pa positi n'kudikira kuti ibwerere itachongedwa. Katswiri wa maphunziro a patali Michael Moore anafotokoza kuti mtunda umene umavuta wophunzira si wa makilomita ayi, koma kuchepa kwa kuyankhulana pakati pa iye ndi mphunzitsi. Intaneti yachotsa positi, koma asainimenti ikakhala miyezi iwiri osachongedwa, wophunzira wa lero ali patali chimodzimodzi ndi wa 1965 uja. Lolemba lililonse tumizani uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri: sabata yatha ambiri munachita bwino apa, munapunthwa apa, sabata ino tikupita uku. Tchulani mayina a amene anapereka mfundo zabwino mu foramu. Ngati kalasi ndi yaikulu moti simungalembere aliyense ndemanga yaitali, jambulani mawu a mphindi zisanu ofotokoza zolakwika zimene zabwerezedwa kwambiri, kenako aliyense mumulembere mzere umodzi kapena iwiri yake. Moodle imakuonetsani tsiku limene munthu aliyense analowa komaliza. Pofika sabata yachitatu yang'anani amene sanaoneke, inu kapena kalasi repu muwaimbire. Kawirikawiri mudzapeza kuti pasiwedi inakana tsiku loyamba ndipo anachita manyazi kufunsa, kapena foni inabedwa, kapena kunali maliro. Munthu woimbiridwa sabata yachitatu amabwerera, koma pofika sabata yachisanu ndi chitatu amakhala atadziuza kale kuti sukuluyi si yake.

Za mayeso simunafunse, koma zikubwera. Chitulukireni ChatGPT, pulogalamu yolemba yokha mayankho, mu Novembala 2022, funso loti "fotokozani ubwino ndi kuipa kwa chakuti" lilibenso ntchito ngati asainimenti yochitira kunyumba. Musadalire mapulogalamu onena kuti amazindikira zolembedwa ndi makina. Ngakhale kampani ya OpenAI, imene inapanga ChatGPT, inachotsa chipangizo chake chotero mu Julaye 2023 chifukwa chinkalakwitsa kwambiri, ndipo kafukufuku wa ku Stanford chaka chomwecho anapeza kuti mapulogalamuwa amakonda kunamizira anthu amene Chingelezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, kutanthauza ophunzira athu onse. Kulepheretsa munthu chifukwa cha nambala yotuluka m'pulogalamu yotero n'kupanda chilungamo. Njira yabwino ndi kufunsa zinthu zomangirira pa sukulu yake, kalasi yake, ndi zimene anayesa yekha, kulandira ntchitoyo m'magawo kuti muone ikukula, ndipo pamene mwakayikira, kumuimbira mphindi zisanu kuti akufotokozereni zimene walemba. Amene analemba yekha savutika. Auzeninso momveka pamene mukulola kugwiritsa ntchito zipangizozi ndi pamene simukulola, chifukwa akuzigwiritsa kale ntchito. Mayeso a pakati pa semesita a pa intaneti akhale otseguka kwa masiku awiri, osati ola limodzi lokhazikika, kuti wothimiridwa magetsi asalephere pa chifukwa chimene si chake. Mayeso akuluakulu ndi bwino azilembedwa pamaso, ku yunivesite kapena ku malo amene yunivesite inakhazikitsa m'zigawo. Zoyang'anira munthu ndi kamera kwa maola atatu sizikugwirizana ndi netiweki yathu.

Mwina mukuona kuti ntchitoyi yachuluka pakati pa semesita. N'zoona kuti kukonza kosi yotere koyamba kumadya nthawi kuposa kuyankhula maola awiri, ndipo ndi nkhani yoyenera kuitengera kwa mkulu wa dipatimenti, chifukwa mayunivesite ambiri amawerengabe ntchito ya mphunzitsi ndi maola oima m'kalasi. Koma simukufunika kugumula zonse lero. Sabata ino ikani mafunso anayi osankha yankho m'gulu la WhatsApp: mumaphunzirira pa foni kapena pa laputopu, mumagula bandulo yanji, netiweki yodalirika mumaipeza kangati pa sabata, ndipo ndi nthawi iti imene mumakhala omasuka. Kenako tengani phunziro la Lachitatu likubwerali mulidule: manotsi a masamba anayi, mawu a mphindi khumi, kanema mmodzi wa dzanja likulemba pa mfundo yovutitsitsa, ndi kwizi ya mafunso asanu. Zitumizeni Lolemba, mukumane nawo pa tsiku limene asankhalo kuti muyankhe mafunso, kenako Lolemba linalo mutsegule Moodle muyerekeze chiwerengero cha amene ayankha kwizi ndi cha amene ankalowa pa Zoom.